Nkhope Yopanda Maso pa Masambanjati

Linali tsiku lachitatu chisowereni a Fabiano. Triza anafika pa Masambanjati dzuwa litapendeka kale, matope atamuumira m'miyendo. Linali Lachisanu, mwezi wa Januwale. Mvula inali itangokata.

A Fabiano ndi bambo ake. Anagwira ntchito yopopera mankhwala pa esiteti ya tiyi zaka makumi atatu ndi zinayi, sipuleya kumsana, mpaka msanawo unapindika. Atasiya ntchito anakakhala kwa Triza, ku malaini, nyumba za antchito a pa esiteti. Zaka ziwiri zapitazo mutu unayamba kuwasokonekera. Poyamba anaiwala mayina a adzukulu. Kenako Chichewa chinayamba kuwathawa, liwu limodzilimodzi, mpaka anatsala ndi Chilomwe chokha cha amayi awo. Ukawaitana dzina sankacheuka. Ankangonena kuti akufuna kupita kwawo, kutsidya kwa Ruo, komwe makolo awo anachokera. Eni akewo sanapondeko chibadwire.

Triza popita kumunda ankamanga chitseko ndi waya. Anzake a ku malaini anayamba kulankhula. Ankati munthu wamkulu, wobereka, akutsekeredwa ngati mbuzi. Mawuwo anamulowa. Lachitatu m'mawa anagwira waya uja, nauyang'ana, nausiya pawindo. Pobwera masana anapeza chitseko chotsegula, jekete lakuda palibe pamsomali. Ndipo mwezi umenewu mtsinje wa Ruo umakhala utadzaza.

Anasiya dengu lothyolera tiyi. Kapitawo anamuuza kuti apite, masamba adzawapeza. Anayenda. Lachitatu anazungulira minda ya tiyi, mzere ndi mzere, akuitana. Lachinayi analowera kwa Mphuka. Lachisanu m'mawa anadutsa kwa Khwethemule. Paliponse mafunso anali omwewo. Ndi aatali bwanji? Avala chiyani? Akangoti madala a jekete lakuda, aliyense anali atawaona. Wina dzulo pachigayo, wina lero patchalitchi. Wina akuloza kumpoto, mnzake kummwera. Thyolo yense anadzaza ndi madala a jekete lakuda.

Amene anamupatsa nzeru ndi nesi wina pa kachipatala kam'mbali mwa njira. Anati asiye kufotokoza ndi pakamwa. Chithunzi chili m'foni, achipulintitse, alembe nambala pansi, amate pamsika. Mawa Loweruka anthu adzachokera mbali zonse.

Pa Masambanjati wopulinta anali mmodzi, mayi Idah. Kashopu kawo kanali kuseri kwa ogulitsa nthochi, pakati pa ometa tsitsi ndi telala. Anaphunzitsapo kusukulu ya mishoni, ndipo anali a Sabata. Izi aliyense ankazidziwa. Lachisanu dzuwa likalowa, loko pachitseko, mpaka Lamulungu. Pakhoma anapachika kalendala ya mpingo, yolemba nthawi yolowera dzuwa sabata iliyonse. Ya tsikulo anali ataizunguliza ndi cholembera chofiira: 6:22.

Anamvetsera nkhani ya Triza osamudula. Anamupatsa mpando ndi madzi, natenga foni. Chithunzi chinali chimodzi chokha, cha pa ukwati wa mdzukulu, a Fabiano atavala jekete lomwelo. Mayi Idah anachisamutsira pa kompyuta. Pamwamba analemba kuti ASOWA. Pansi dzina, komwe amakhala, nambala ya Triza, ndi mawu oti amalankhula Chilomwe chokha. Kenako anati pali vuto, ndipo ndi bwino Triza alione yekha.

Pulinta inakoka pepala, inalira kanthawi, nkulavula.

Triza analigwira. Malemba panalibe. Nkhope inalipo, koma sinali ya munthu wamoyo. Khungu linatuluka lofiira motuwa, ngati nyama yotsukidwa. Jekete linasanduka nkhungu. Pamalo pa maso panali timabowo tiwiri toyera.

Analivundikira pamiyendo pake.

Mayi Idah anafotokoza kuti pulintayo inayamba kukana inki yakuda sabata yatha. Mitundu ina itatu ikutuluka bwinobwino. Botolo la yakuda ndi lodzaza, koma papepala sipafika ngakhale kadontho. Malemba atha kuwasintha kuti akhale a buluu, zimenezo nzosavuta. Koma nkhope ya munthu wakuda, wovala zakuda, singatuluke popanda inki yakuda. Ndipo nkhopeyo ndiyo inkafunika. Ambiri pamsika sawerenga, ndipo a Fabiano sangatchule dzina lawo.

"Ichi sindingamate," anatero Triza. "Anthu adzati ndikulengeza maliro."

"Ngakhale ine sindingakupatse, mwanawe."

Mmisiri wokonza mapulinta mayi Idah anali atamuitana Lolemba. Ankakhala ku Ndirande. Tsiku lililonse ankayankha kuti ali m'njira, ndipo lero masana analumbira kuti wadutsa kale paboma.

Anafikadi, folo koloko itadutsa, pa kabaza. Dzina lake Benard. Wamtali, woonda, chikwama kumsana, nsapato zoyera zitafiira ndi dothi la Thyolo. Analowa akudandaula. Minibasi inaima paliponse. Wakabaza anamugwetsa m'matope. Kuyambira m'mawa wakonza mapulinta anayi ndipo sanaike kanthu kukamwa.

"Njira ya ku Ndirande yatalika masiku ano," anatero mayi Idah. "Kunyamuka Lolemba, kufika Lachisanu. Munadzera ku Joni?"

"Mayi, musanditopetse. Mapulinta a kuno amafa ndi ulesi. Mumawasunga ngati mbale za alendo."

"Yanga imagwira ntchito tsiku ndi tsiku."

"Kupatula Loweruka."

"Kupatula Loweruka. Ndiye fulumirani."

Anamuuza za pepalalo. Benard anayang'ana Triza, anayang'ana miyendo yake yamatope, nasiya nthabwala. Anafunsa kuti pakufunika mapepala angati. Triza anati makumi anayi. Benard anayang'ana kalendala pakhoma, kenako wotchi. Anati minibasi yomaliza imanyamuka sikisi koloko, ndipo iye kumudzi sagona.

Anayamba ndi pepala loyesera. Panatuluka timizere ta buluu, tofiira, tachikasu, tonse towongoka. Mbali ya yakuda inali mbee. Analamula makinawo kuti adzitsuke okha. Pulinta inang'ung'udza, kachinthu kam'kati kakuthamanga uku ndi uku. Anayesanso. Mbee. Anabwereza kawiri. Mbee.

Anati hedi yatseka. Triza sanafunse, koma iye anafotokozabe, ngati munthu wozolowera kulankhula yekha m'mashopu a eni. Hedi ndi kachinthu kothamangako. Kunsi kwake kuli timabowo tochepa kuposa tsitsi, momwe inki imatulukira. Yakuda ndi yokhuthala kuposa zinzake. Ikangouma pang'ono imamata timabowoto, ndiye kutsuka kwa makina okha sikuphula kanthu.

Anapempha madzi a batire. A pachitsime anawakana, anati amenewo ndiwo amamaliza hedi. Mayi Idah anali nawo, a batire ya sola, ndipo anawafunditsa pang'ono mu ketulo. Benard anazula pulagi hedi ili pakati, kuti aziiyendetsa ndi dzanja. Anapinda thishu katatu, naiyala pansi pake. Anachotsa katiriji ya yakuda, kabokosi ka inki kokhala pa hedi. Pomwe inakhala panali kamsonga kobooka. Anavekapo kachubu kochokera ku sirinji, yonga ya kuchipatala koma yopanda singano, nayamba kukankha.

Sirinji inakana. Anati sangakakamize. Ukakankha mwamphamvu hedi imang'ambika m'kati, ndiye basi. Anasiya madziwo kuti alowerere. Anakhala pa kauntala nasenda nthochi ya mayi Idah osapempha.

Podikirapo anafunsa za madalawo. Ngati apolisi akudziwa, ngati kuchipatala anafufuzako. Triza anayankha kuti konseko anapitako. Benard anati ku Ndirande munthu wotere sangayende theka la tsiku osagwidwa, maso ndi ambiri. Kuno ndi tiyi yekhayekha, mapiri obiriwira ofanana onse, munthu atha kulowa mumzere umodzi nkutulukira dziko lina. Iye sangakhaleko ngakhale sabata imodzi. Mayi Idah anamuuza kuti palibe wamupempha. Anaonjezera kuti khoko la nthochilo akataye panja.

Triza anatsamira khoma. Mapazi ankamuotcha. Nsapato zake zapulasitiki sanazivule chichokereni kunyumba dzulo m'mawa. Ankaopa kuti akazivula mapazi atupa osalowanso. Anatseka maso, anaona madzi ofiira akuthamanga, jekete likuyandama. Anawatsegula msanga.

Panja ogulitsa anayamba kulongedza zinanazi. Mthunzi wa shopu unawoloka msewu.

Patapita mphindi khumi Benard anakankhanso. Pang'onopang'ono. Sirinji inasuntha. Pathishu panaoneka kadontho kotuwa, kenako kakuda, kenako banga lonse bii. Anasintha thishu, nabwereza mpaka madzi anayamba kutuluka oyera. Anapukuta, nabwezera katiriji, nalumikiza pulagi.

Pepala loyesera linatuluka ndi timizere takuda, todukaduka. Makina atadzitsukanso kamodzi tinalumikizana tonse.

"Ndirande ameneyo," anatero Benard, akudziguguda pachifuwa. "Mayi, dinani."

Pepala linayamba kutuluka. ASOWA, malemba akuda bii. Imvi. Chipumi ndi makwinya ake atatu. Maso. Triza anaimirira. Anali maso enieni a bambo ake, aja oyang'ana munthu ngati wachedwa kuntchito. Kenako mphuno inatuwa. Pakamwa panazilala. Chibwano, jekete, dzina, nambala, zonse zinalowa m'nkhungu.

Benard anatukwana chapansipansi, napepesa kwa mayi Idah. Anati mwatsalira zinyalala. Anachotsanso katiriji. Thishu, sirinji, madzi ofunda. Ulendo uno madzi anadutsa mosavuta. Anabwezera. Pepala lachiwiri linangofika pachipumi nkuzilala. Anatsukanso. Lachitatu linalemba mitu yokha ya malemba.

Nthawi inali hafu pasiti faifi.

Benard anapukuta manja pa thalauza. Anati wachita zonse zomwe munthu angachite. Hedi yatseguka, madzi akudutsa, koma inki ikuthawa. Ndiye kuti hediyo yapsa m'kati. Pakufunika ina, ndipo imeneyo ili ku Limbe. Lachiwiri, mwina Lachitatu. Kapena achemwaliwo akwere naye minibasi, akapulintitse paboma mawa mashopu akatsegula. Triza anaganiza za ulendowo. Kupita, kudikira, kubwerera. Adzapeza pamsika patatsala agalu okha ndi makoko.

Mayi Idah anati mwina atenge lija la maso, alembe nambala ndi dzanja. Koma linali limodzi, ndipo kuchulukitsa kwake kunkafuna makina omwewo. Anasiyira pomwepo.

Triza sanalire. Misozi inatha Lachinayi. Anakhala pansi ndi theka la nkhope lija m'manja. Benard anayamba kuponya zida m'chikwama.

Kuyamba bwino, kufooka, kusiya. Triza ankazidziwa zimenezi. Anaziona kwinakwake.

Kunali kuseri kwa nyumba ku malaini, iye ali wamng'ono. Anyamata a gulu lopopera ankabwera kwa a Fabiano ndi masipuleya awo. Panali sipuleya yokana kotheratu. Imeneyo bambo ankaimasula kukamwa nkutsuka. Koma panalinso ina yoyamba bwino, kupopera mizere iwiri, nkufooka, nkusiya. Ukaisiya kanthawi iyambanso, isiyenso. Anyamata ankatokosa kukamwa kwake ndi waya mpaka kuiwononga. A Fabiano kukamwako sankakugwira nkomwe. Ankachotsa chivindikiro cha thanki, nkuthyola munga wa mandimu, nkutokosa kabowo kakang'ono pakati pa chivindikirocho. Fumbi ndi mankhwala ouma zinkamata pamenepo. Ankawakalipira kuti mankhwala atuluka bwanji pansi ngati mpweya sukulowa pamwamba.

"Achimwene," anatero Triza, "mpweya umalowera pati?"

Benard anali akukoka zipi. Anafunsa kuti mpweya wanji.

Anamufotokozera za sipuleya, mwachidule, maso ali papepala. Benard anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wotopa. Anati iyi ndi pulinta, achemwali, si chida cha kumunda. Koma dzanja linasiya zipi.

Inki ya pulinta imeneyo sinkakhala m'kati. Inali m'timabotolo tinayi togundana, pambali, ndipo timachubu tinkaipititsa ku makatiriji. Mayi Idah ankatifunda kansalu koluka okha. Benard pofika anangosuzumira m'mbali kuti aone ngati inki ilimo. Tsopano anachotsa kansaluko, nasendeza timabotolo poyera. Titatu tinali ndi kachipewa kakang'ono pamwamba, kosefa mpweya. Ka yakuda kanalibe. Pamalo pake panali kachibulumwa koyera, kosalazidwa bwino.

Anakakanda ndi chikhadabo. Ananunkhiza.

"Mayi, kandulo ameneyu wafika bwanji apa?"

Mayi Idah anavula magalasi. Anati kachipewako kanagwa posesa, masabata awiri apitawo, ndipo sikanapezekenso. Panatsala kabowo poyera. Nyengo ya mvula ino nyerere zimalowa paliponse, zinali zitayamba kale kuzungulira botolo. Ndiye anayatsa kandulo nkudonthezapo, monga amatsekera chigubu cha mbewu ya nyemba kuti anankafumbwe asalowe. Anatseka mosamala. Sanasiye mpata.

"Mosamala zedi," anatero Benard. "Aphunzitsi."

Mayi Idah anayang'ana Triza, kenako pansi.

Benard anati kutseka kwa hedi kunalipodi, iye sananame. Pulinta inakoka inki mpaka inalephera, hedi inauma ndi njala, nkumatika. Koma akatsuka, kainki kochepa ka mu katiriji kankatha, ina osabwera. Akanatsuka mpaka Khirisimasi. Anapempha singano. Mayi Idah anayamba kusanthula m'dirowa. Triza anamasula pini pa chitenje chake nampatsa.

Anatokosa mozungulira, kuti phula lisagwere m'kati. Linachoka lonse pamodzi ngati kachitsekerero. Botolo linatulutsa kaphokoso kochepa, psii. M'kachubu munayenda thovu. Benard anakoka inki ndi sirinji kudzera ku katiriji, mpaka kachubu konse kanada kopanda mpata. Pakabowo anaika kathonje, kuti mpweya uzilowa koma nyerere zizibwerera. Anasiya makina adzitsuke kamodzi.

Panja minibasi inaliza hutala. Kondakitala ankaitana, Limbe, Limbe, yomaliza. Benard anayang'ana kukhomo. Kenako anadina yekha.

Pepala linatuluka pang'onopang'ono. ASOWA. Imvi, chipumi, maso. Mphuno. Triza anagwira m'mphepete mwa kauntala. Pakamwa, ndi chipsera cha pamlomo chomwe anachipeza atagwa ndi sipuleya pamtsetse. Jekete lakuda, lakudadi, mpaka mabatani. Dzina. Nambala yonse.

Lachiwiri linatuluka chimodzimodzi. Lachitatunso.

Minibasi inapita. Benard anaisuzumira pakhomo mpaka inakhota. Anati palibe kanthu, akwera lole ya nthochi, si koyamba. Anakhala pansi, navula nsapato imodzi, nayamba kuigwedeza matope.

Pulintayo sinali yothamanga. Pepala lililonse linkadya mphindi ndi theka. Mayi Idah ankawayala pa kauntala kuti aume, nkhope yomweyo pambali pa inzake. Dzuwa linatsikira kuseri kwa mabulugama. Minda ya tiyi kutsidya inasiya kuwala. Triza ayang'ane kalendala, ayang'ane wotchi, ayang'ane pepala. Pofika 6:22 anali atatuluka khumi ndi anayi.

Triza ankadziwa chotsatira. Anayamba kuwasonkhanitsa. Khumi ndi anayi si ochepa kwenikweni, anadziuza. Kupempha mayi wachikulire kuti aswe tsiku lake, ayi. Analibe mphamvu zake, ndiponso sikunali koyenera.

Mayi Idah anaimirira. Anavula epuloni, naipinda. Bambo wina anafika ndi foni kuti atchajitse, anamubweza, abwere Lamulungu. Analowetsa chikwangwani. Anakankha chitseko mpaka chinatsala pang'ono kutsekeka. Kenako anakhala pa benchi pafupi ndi Triza, manja pamiyendo. Pulagi sanaikhudze.

"Mayi, nthawi yakwana," anatero Triza.

"Shopu ndatseka. Iyi si ntchito. Awa ndi a Fabiano."

Benard anatsegula pakamwa kuti aseleule za Loweruka. Anawayang'ana, natseka. Mapepala atatha m'makina ndiye anadzuka kukaikamo ena.

Anatuluka onse makumi anayi. Mayi Idah anatenga khumi. Anati mawa kutchalitchi kumabwera manesi ndi aphunzitsi ochokera kutali, ayenda nawo. Benard anatenga asanu, limodzi la pa siteji paboma, ena opatsa madalaivala. Pochoka anabweza pini. Anauza mayi Idah kuti kandulo asadzayandikirenso pa tebulo limenelo, kachipewa katsopano adzabwera nako.

"Lolemba?" anafunsa mayi Idah.

"Lolemba."

"Ndiye tidzakuonani Lachisanu."

Kwa Triza Benard anati madalawo akapezeka awauze kuti aphunzitsa ntchito munthu wa setifiketi. Anakoleka chikwama, natuluka kukafunsa lole.

Triza anagona kwa mayi Idah. M'mawa anaphika phala lopyapyala la chinangwa, lomatira. Anamata pamtengo wa pamsika, pachigayo, pa siteji ya kabaza, pakhoma la telala, pa bolodi la sukulu. Anthu ankaima, kuyang'ana, kupukusa mitu. Ena ankati amawadziwa, si aja opopera aja? Koma wowaona panalibe. Foni inalira kawiri. Woyamba anali woledzera. Wachiwiri anali mlongo wake wa ku Blantyre, kufunsa ngati pali nkhani, nkulangiza zomwe Triza anachita kale Lachitatu.

Teni koloko mvula inabwera. Inki inachucha pamapepala atatu, nkhope nkuyenderera ngati ikusungunuka. Anawamatula msanga anthu asanaone. Ena otsala anawamata pansi pa makhonde.

Masana anakhala pamwala, kuseri kwa ogulitsa tomato, atatsala ndi mapepala awiri. Msika unayamba kuchepa. Foni inalira kachitatu.

Anali mwamuna, mawu okhuthala, Chichewa chokokera ku Chilomwe. Anati ndi Blackson, mlonda pa sitolo ya mankhwala opopera, pa esiteti ya kuseri kwa phiri. Mkazi wake wangobwera kumene kuchokera kumsika, anamatula pepala limodzi pachigayo. Ali nalo m'manja. Chipsera cha pamlomochi ndi chomwecho.

Anati madalawo anafika Lachinayi m'mawa, nkuima pamzere pamodzi ndi anyamata opopera, kudikira kupatsidwa sipuleya. Aliyense ankayesa kuti ndi mbale wa mnzake. Akawafunsa kwawo ankangoloza kummawa. Kuwathamangitsa zinakanika. Ndiye akhala akugona m'kanyumba ka alonda, kudya nawo zomwe zapezeka. Anawapatsa sipuleya yakufa kuti azigwira, mwina angakhale pansi.

Triza anafunsa ngati ali bwino.

"Miyendo yatupa, koma akudya. Ndipo sipuleya yakufa ija ikupopera, achemwali. Anyamata abweretsa ena atatu."

Kuseri kwa mawu a Blackson kunamveka ena, aukali, a Chilomwe. A Fabiano ankakalipira winawake kuti ataye waya.

Triza anagwira foni ndi manja awiri. Anamvetsera mpaka mawuwo anatha. Kenako anafunsa njira. Blackson anati akwere kabaza mpaka pamlatho. Kuchokera pamenepo mvula yawononga msewu, ndi wapansi basi, ola limodzi, kutsata mzere wa mabulugama.

Ola limodzi. Anayang'ana mapazi ake m'nsapato zapulasitiki zija. Anapinda mapepala awiri otsalawo, nawamangirira pa chitenje. Kenako anaimirira.